Alamu Anga a Ranhamy ndi Njere Ziwiri za Bwemba

Achemwali anga a Biso anakwatiwa ndi a Ranhamy ine ndisanayambe sukulu, ndiye alamu angawa ndakhala nawo zaka zambiri kuposa zimene ndinakhala ndi bambo anga ondibereka. Ndi munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, wokonda jekete lakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ntchito yawo inali ya ukapuwa, kuyenda khomo ndi khomo kupezera anyamata akazi ndi atsikana amuna. Ankapalasa njinga ndi dzanja limodzi, lina litagwira ambulera, ndipo agalu a midzi yonse kuyambira kwathu ku Rambewela mpaka ku Nikaweratiya anali atasiya kalekale kuwauwa.

Sukulu anailekezera kalasi yachinayi, koma mutu wawo unali kaundula wa dera lonse. Ukangotchula dzina la munthu, ankakuuza amene anamubereka, amene anabereka amayi ake, kumene kunachokera agogo ake aakazi, ndi chimene anayambanirana ndi abale awo chaka chimene damu linaphulika. Pakamwa pawo panali pothira shuga. Mnyamata wadazi ankamunena kuti ali ndi chipumi cha anthu ophunzira. Mtsikana wolongolola ankati nyumba yake sidzalowa akuba.

Ine ndili ndi tiyirumu pamphambano pamene basi yochokera ku Kurunegala imatembenukira. Tebulo la pafupi ndi zenera linali ofesi ya alamu anga, ngakhale sindikumbuka tsiku limene ndinawapatsa.

Tsiku lina mu 2003, mpunga utangokololedwa, basi ya m'mawa inatsitsa mayi wina wamtali wovala magalasi, atakwapatira mapepala okulungakulunga ngati mphasa. Analowa mu tiyirumu, n'kuitanitsa tiyi wopanda mkaka.

"Ndikufuna bambo wina dzina lake Ranhamy," anatero mayiyo. "Kuchipatala andiuza kuti ndikafunse pano."

Alamu anga anaika kapu pansi. Anayang'ana zala za mlendoyo, anayang'ana khosi, kenaka anakoka mpando.

"Mwafika, mwananga. Khalani apa. Zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi."

"Mwachedwa ndithu, koma ndinagwirapo zovuta kuposa pamenepa. Ku Wariyapola kuli mphunzitsi wina wamasiye. Mano ake onse alipo."

Mayiyo anaseka mpaka tiyi anamutsamwa. Atapuma anafotokoza kuti dzina lake ndi Vindya Abeykoon, wachokera ku yunivesite, ndipo mwamuna sakumufuna lero. Anati ndi dokotala, koma wa masamu.

"Jakisoni sindibaya, bambo. Ndikaona magazi ambiri ndimachita chizungulire. Ine ndimawerengera mmene matenda a kumtundu amayendera m'mabanja."

Matenda amene ankawatsata anali talasemiya. Dzinalo tinkalimva, koma anawo ndiwo tinkawadziwa bwino: otuwa nkhope, otupa mimba, osakula msanga, amene mwezi uliwonse ankakwera basi yomweyi kupita ku Kurunegala kukawonjezeredwa magazi. Adokotalawo anati ambiri mwa ana amene ankagona m'chipinda cha matendawa ankachokera mbali yathu ino. Anali atafunsa makolo awo za mibadwo yawo, koma aliyense ankalekezera pa agogo ake, n'kunena kuti zotsalazo mukafunse kapuwa.

Alamu anga anakana. "Zimene ndimadziwazi ndizo munda wanga, mwananga. Anthu amandiuza chifukwa sindilemba."

"Maina sindilemba nanenso. Munthu aliyense ndimamupatsa nambala."

"Ngakhale zili choncho."

Adokotala sanakakamize. Anangotambasula mapepala awiri patebulo, n'kupsinja ngodya zake ndi mbale zanga za shuga. Anati pepala lina ndi la banja la m'mphepete mwa damu, lina la banja la kuseri kwa kachisi, ndipo chimene chinkawasokoneza n'chakuti mabanja awiriwa onse ali ndi ana odwala, koma alibe chibale chilichonse.

"Wakuuzani ndani?" alamu anga anafunsa.

"Eni ake."

"Eni ake akudziwa chiyani? Agogo aakazi a uyu ndi agogo aamuna a uyu anayamwa bere limodzi! Wamkaziyo anathawa ndi woyendetsa ngolo, abale ake anamukana, ndiye anasiya kutchulana. Bweretsani pensuloyo. Ayi, gwirani inu, ine ndinena."

Basi, nsomba inali itameza mbedza.

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse adokotala ankatsika basi ya m'mawa. Alamu ankanena, iwo ankajambula. Mwamuna ankamujambula ngati kabokosi, mkazi ngati kozungulira, ndipo alamu ankatitchula timabokosi ndi timazira. "Dzira ili linakwatiwa kawiri," ankatero. "Bokosi loyambalo linalumidwa ndi njoka." Nthawi zina ankatseka maso, n'kumatafuna masamba awo ofiiritsa m'kamwa kwa mphindi zingapo, kenaka n'kutulutsa maina asanu ndi awiri motsatizana, a anthu amene anamwalira iwo asanabadwe. Adokotala sankangokhulupirira. Ankapita kukaona mabuku akale a maukwati ndi a kukachisi, n'kubwera akupukusa mutu. Pa miyezi itatu anawapeza atalakwitsa kawiri kokha, ndipo kamodzi mwa kawiriko alamu amalimbikirabe mpaka lero kuti linalakwa ndi buku.

Anayamba ndi mapepala makumi anayi ndi limodzi, banja lililonse pepala lake. Pomatha miyezi itatu ija mapepalawo anali atalumikizana n'kutsala mitengo isanu ndi umodzi yokha ya mibadwo. Waukulu kwambiri sunakwane mu tiyirumu, ndiye tinapempha ahedi kuti tikauyale pansi m'holo ya sukulu Loweruka masana.

Kumeneko n'kumene zinthu zinasintha. Adokotala anagwada ndi cholembera chakuda, n'kuyamba kudetsa timabokosi ndi timazira ta ana odwala. Alamu anga ankayenda m'mbali mwa pepalalo opanda nsapato, akuseka ndi kuloza. Kenaka anaima.

"Kadzira kakuda aka ndi Hiruni, mwana wa Gunasiri."

"Ine ndimangodziwa nambala, bambo."

"Ine ndikudziwa dzina. Ndipo kabokosi kakuda kali pambali pakeka ndi mchimwene wake, amene tinamuika ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

Gunasiri ndi mlimi wa kokonati wa kumtunda kwa damu. Mkazi wake anamupezera ndi alamu anga, ndipo ukwati umenewo ankaunyadira kwambiri, chifukwa wowerenga nyenyezi anapeza kuti pa mfundo makumi awiri zimene amayerekeza pa nyenyezi za mnyamata ndi za mtsikana, khumi ndi zisanu ndi zitatu zinagwirizana. Alamu anayamba kutsata mizere ndi nsonga ya ambulera, kuchokera pa mwana wakuda aliyense kukwera kwa makolo ake. Milomo yawo inkayenda. Atamaliza anavala nsapato.

"Maukwati asanu ndi anayi mwa amenewa ndinamanga ndine," anatero, n'kutuluka osatsazika.

Sabata yonse sanabwere ku tiyirumu. Achemwali anandiuza kuti akungokhala pakhonde, mpunga akungoutosa ndi chala. Lachisanu adokotala atapeza mpando uli wokha, anandipempha kuti ndiwaperekeze kunyumba. Ndinatseka tiyirumu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sindinachitepo chimwalirireni amayi.

Tinawapeza atavala nsalu yokha, jekete lili pamsomali. Achemwali anali pambali akusenda bwemba wothira m'ndiwo za nsomba.

"Mwabwera kudzandiwerengera milandu?" alamu anafunsa.

"Ndabwera kudzakuphunzitsani juga," anatero adokotala.

Anatola njere ziwiri za bwemba m'lichero la achemwali, n'kuzikhula pa simenti mbali imodzi mpaka zinayera. Anafotokoza kuti munthu aliyense amalandira timbewu tiwiri topangira magazi, kena kwa bambo, kena kwa mayi. Kamodzi kakakhala kolakwika, kenako kamagwira ntchito, munthuyo sadwala ndipo sadziwa n'komwe. Mwana amadwala pokhapokha akalandira kolakwika kuchokera mbali zonse ziwiri.

"Njere iyi ndi bambo wonyamula kambewuko, iyi ndi mayi wonyamulanso. Mbali yoyerayi ndiyo yolakwika. Ponyani, tione mwana amene abadwe."

Alamu anaponya monyinyirika. Ina inagwa yoyera, ina yakuda.

"Ameneyo ndi wonyamula chabe, wathanzi ngati makolo ake. Zikagwa zoyera zonse, ndiye wodwala. Zimenezo zimachitika kamodzi pa kanayi."

"Bodza limenelo. Gunasiri anabereka ana atatu, odwala awiri. Kamodzi pa kanayi kali pati?"

"Njere sizikumbukira mmene zinagwera poyamba, bambo. Mimba iliyonse n'kuponya kwatsopano. Banja limodzi likhoza kugwa tsoka kawiri, lina osagwako n'kamodzi komwe. Koma mukaponya kambirimbiri mudzaona."

Alamu anga si munthu wouzidwa. Anaitanitsa khala la moto, anandipatsa ine kuti ndizilemba timizere pakhoma la khonde, achemwali akudandaula kuti khomalo analipaka laimu mwezi watha. Anaponya, anaponya, mpaka nkhuku zinayamba kubwerera. Anafika kokwana mazana anayi. Tinawerenga timizere ta zoyera zonse, tinapeza zana limodzi ndi titatu.

Alamu anazitembenuza njerezo m'manja.

"Ndiye nyenyezi sizimaona zimenezi?"

"Za nyenyezi sindinaphunzire, bambo. Koma inu simukanaziona, ngakhale makolo awo. Zimaoneka ndi kadontho ka magazi basi."

Kenaka adokotala anachotsa njere imodzi, n'kuikapo ina yosakhula. Anati uyu ndi munthu wosanyamula kambewuko, wakwatirana ndi wonyamula. Alamu anaponya kasanu, kakhumi, kenaka analekeza dzanja lili m'mwamba.

"Apa zoyera zonse sizingagwe."

"Sizingagwe."

"Ndiye wonyamulayo akhoza kukwatira?"

"Aliyense amene wamukonda, bola mnzakeyo asakhale wonyamula."

Ndinaona nkhope ya alamu anga ikubwerera m'malo mwake. Anaimirira, n'kumanga bwino nsalu m'chiuno.

"Mwananga, miyezi itatu yonseyi osanena bwanji? Imeneyi si nkhani ya chipatala. Uyu ayenera kupita kwa uyu, asapite kwa uyo. Imeneyi ndi ntchito yanga! Biso, mpunga uja ulipo?"

M'mawa mwake anavala jekete, n'kupita kwa Gunasiri. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Gunasiri mwini wake. Akuti alamu anapinda ambulera ali kutali, anakana mpando, n'kuyamba kupepesa. Gunasiri anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Amalume, tsiku limene munanditengera kukamuona mkazi wangayu, anabweretsa tiyi, n'kunditayira pamwendo. Mukanabwera ndi pepala la dokotala tsiku limenelo, kaya ndikanamva, kaya ayi, sindikudziwa. Koma Hiruni akamakula ndikufuna apeze anzake ochepa m'chipinda chija cha kuchipatala. Khalani pansi, mumwe madzi a kokonati."

Kuyambira mwezi umenewo alamu anaika lamulo. Asanatenge kalata za nyenyezi za mnyamata ndi mtsikana, ankafuna kaye khadi la kuchipatala. Ankalitcha mfundo ya makumi awiri ndi imodzi. Kulikonse kumene ankapita ankatulutsa njere ziwiri zija m'thumba la jekete, n'kuyamba kuponya pamphasa za eni nyumba.

Anthu sanakondwe. Amayi ena anawauza maso ndi maso kuti, "Mwana wanga akapezeka nako, mudzi wonse udziwa. Adzamukwatira ndani? Inu?" Ena ankati kapuwa wagulidwa ndi a yunivesite. Wowerenga nyenyezi wa ku Wariyapola, mnzawo wa zaka makumi atatu, anatumiza uthenga wofunsa ngati ayambe kuvala chovala choyera cha adokotala m'malo mwa jekete. Kwa miyezi isanu palibe khomo limene linawaitana. Ankangokhala pazenera paja kuyambira m'mawa, kapu imodzi ya tiyi mpaka masana.

"Alamu," ndinawauza tsiku lina, "mpando umenewo ukumera mizu. Ndiyambe kuuthirira?"

"Iwe ukanadziwa kuphika tiyi, anthu akanabwera, n'kundipeza pano."

Adokotala anakonza zoti anamwino abwere kusukulu kudzatenga magazi kwa aliyense wofuna. Tsikulo anthu anabwera ambiri, koma onse anaima kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, kuonerera. Anamwino anakhala ola lathunthu akungothamangitsa ntchentche. Kenaka alamu anga anatsika panjinga, anandipatsa ambulera kuti ndigwire, anavula jekete pamaso pa anthu onse, n'kupinda mkono wa malaya.

"Yambani ndi ine. Biso, bwera kuno nawenso."

"Ine ndikwatiwanso ndi ndani?" achemwali anafunsa.

"Sizidziwika. Ine ndikhoza kufa."

Anthu anaseka, ndipo ena asanu ndi atatu analowa pambuyo pawo.

Patapita masabata awiri adokotala anabwera ndi makhadi. La alamu anafuna kukawapatsira kuseri, koma iwo anakana, anati nenani pompano. Adokotala anatsitsa mawu.

"Bambo, ndinu wonyamula."

Mu tiyirumu munali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo onse analeka kutakasa shuga. Alamu analiyang'ana khadilo kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale linali m'Chingerezi.

"Nanga Biso?"

"Alibe."

Anamenya tebulo mpaka masupuni anadumpha. "Mwamva nonse? Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu! Ana asanu, onse amoyo! Njinga ndimapalasa mpaka ku Nikaweratiya osatsika pachitunda! Wonyamula ndi ameneyu, muoneni bwino. Ndipo taonani mmene ndinasankhira mkazi, popanda ndi khadi lomwe."

Mawu amenewa atawafika achemwali, anayankha kuti, "Anasankha ndani? Anabwera kudzafunsira mnzawo, mnzawoyo n'kuthawa. Bambo athu anangowamvera chisoni kuti apalasa ulendo wautali."

Khadi limenelo linagwira ntchito kuposa njere zija. Ankalionetsa m'basi, pamsika, ngakhale pamaliro. Mayi akanena kuti mwana wanga adzasowa banja, iwo ankalitulutsa n'kufunsa kuti, "Ine ndinasowa?"

Ana awo asanu anakayezetsa, ndipo awiri anapezeka onyamula. Mmodzi mwa awiriwo anali Malkanthi, chitsirizira, amene ankasoka zovala kufakitale ya ku Kurunegala. Alamu anali atamusungira kale mnyamata wa ku positi ofesi, wa khadi loyera, wa munda wa kokonati maekala awiri. Atamuuza, Malkanthi anayang'ana pansi n'kunena kuti ali naye kale wake. Anali Upul, kondakitala wa basi yathu yomweyi, chimnyamata chachikulu ngati chitseko cha kachisi, chimene mawu ake oitanira anthu ankamveka mpaka kudamu.

Alamu anadwala nazo. "Mwana wa kapuwa kudzipezera yekha mwamuna, m'basi! Anthu adzati chiyani? Zili ngati mwana wa telala kuyenda wamaliseche."

"Zaka zitatu akukwera basi imeneyi m'mawa ndi madzulo," ndinawauza. "Inu munali pazenera pomwepa. Mumaona chiyani?"

Koma anaona kuti lamulo lawo lomwe likhoza kuwathandiza. Anamuitanitsa Upul ku tiyirumu, namuuza kuti popanda khadi palibe zokambirana. Chimnyamata chija chinatuwa.

"Bambo, ndiuzeni ndinyamule basi, ndinyamula. Koma singano ayi."

"Ndiye ukanyamule basiyo, ukaikwatire."

Anapita kuchipatala Lolemba lotsatira, Malkanthi atamugwira dzanja. Namwino asanamubaye n'komwe, akungomupukuta ndi thonje, Upul anagwa chagada, n'kuthyola benchi. Magaziwo anamutenga ali chikomokere. Nkhani inafika ku Rambewela iye asanafike, ndipo mpaka lero akamaitanira anthu, ena amamukuwira kuti, "Thonje, Upul, thonje!"

Masiku oyamba odikira, alamu ankayenda monyada. Anandinong'oneza kuti agogo ake a Upul anachokera kumudzi umene uli pakati penipeni pa mtengo waukulu uja wa adokotala, ndiye tiona. Koma kunyumba Malkanthi anasiya kudya. Sankalira, sankakangana ndi munthu, ankangopita kuntchito n'kubwera. Sabata yachiwiri ndinaona alamu akudutsa m'mamawa ndi mbale ya maluwa oyera, kulowera kukachisi.

"Mukukapempha kuti zigwe bwanji njerezo?" ndinawafunsa.

"Phika tiyi, iwe."

Khadi linabwera Lachisanu. Upul analibe kambewuko. Analowa nalo mu tiyirumu akuthamanga, basi ataisiya pamsewu ndi anthu ake, n'kugwada pamapazi pa alamu. Iwo analitenga, n'kuwapatsa adokotala kuti awerenge kawiri. Kenaka anatulutsa mpango, anamina kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti fumbi la basi limeneli lidzatipha.

"Dzuka, mwana wanga. Ndinakuona kalekale kuti ndiwe munthu. Mawu akowo, mkazi sangasochere pamsika."

Ukwatiwo unachitika mwezi wa Meyi, ndipo pofika tsikulo alamu anali akuuza aliyense kuti anaumanga okha. Panali mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, nsomba za m'damu, ndi chambiko cha mkaka wa njati zoweta miphika makumi awiri. Adokotala anabwera atavala nsalu ya sari yobiriwira, ndipo anawakhazika kutsogolo pamodzi ndi akuluakulu a banja. Wowerenga nyenyezi uja ndiye anasankha ola la mwambo, ndipo atakhuta anawakokera adokotala pambali kuwafunsa ngati mdzukulu wake angakayezetse mwakachetechete.

Chitachitika chimenechi makomo anayambanso kutseguka. Sikuti onse anamva. Anyamata ena ankakwatira osauza munthu, monga achitira masiku ano. Panalinso awiri, onse onyamula, amene anamvetsera zonse, anaponya njere okha, n'kunena kuti akwatiranabe. Alamu sanatenge mphatso ya ukapuwa pa ukwati umenewo, koma anapita, anadya, n'kuwapatsa keyala ya adokotala. Pobwera anandiuza kuti, "Awa alowa maso ali otsegula. Enawo ndinkawalowetsa mumdima."

Patatha zaka ziwiri adokotala anatumiza kabuku ka Chingerezi kodzaza manambala ndi mizere yokhotakhota. Anati mitengo isanu ndi umodzi ija inawathandiza kuwerengera midzi imene anamwino ayenera kuyambira. Kumapeto kwake, m'timalemba ting'onoting'ono, munali dzina la alamu anga. Anandiuza kuti ndilizunguze ndi cholembera chofiira kuti asamavutike kulipeza.

Ukalamba utawatsitsa panjinga, anayamba kusowa chochita. Tsiku lina adokotala anabwera kudzangowaona, tsitsi lawo nawonso litayamba imvi. Alamu anawayang'anitsitsa, kenaka anadziloza khutu lawo iwo eni, m'mene mumatuluka tsitsi lalitali ngati ndevu za chimanga.

"Mwananga, izi bwanji simunazifufuze? Bambo anga anali nazo, agogo anga anali nazo, ana anga aamuna ayamba. Akazi alibe. Zimayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna basi."

Adokotala anaseka, nati akatswiri anakangana za tsitsi la m'makutu kwa zaka zambiri, ndipo ambiri anatsirizira pokayika kuti limayenda choncho.

"Chifukwa sanandifunse ine," alamu anatero.

Anagula kope la ana asukulu, n'kuyamba kafukufuku wawo. Mwamuna aliyense wopitirira zaka makumi anayi wolowa mu tiyirumu ankamuitana pazenera, n'kumutembenuza mutu kuti kuwala kulowe m'khutu. Ankajambula timabokosi, n'kudetsa ta atsitsi. Makasitomala anga ena anayamba kubwera atavala zipewa zofika m'makutu. Kwa mwezi wathunthu zonse zinkayenda monga ananenera, ndipo ankandiwerengera madzulo aliwonse ndisanatseke.

Kenaka kunabwera bambo wina wolemekezeka wa kutsidya kwa damu, amene sindimutchula. Alamu anamuyang'ana khutu lamanja, anamuyang'ana lamanzere. Munali nkhalango. Anamulola kuti amwe tiyi wake, n'kumutsazika mwaulemu. Bamboyo atatuluka, alamu anayang'ana kope lija.

"Bambo ake a ameneyu ndinawasambitsa ndine atamwalira," anatero pang'onopang'ono. "Makutu awo anali osalala ngati a khanda."

"Ndiye akatswiri aja ananena zoona," ndinatero.

"Mwina." Anakanda chibwano. "Koma woyandikana nawo nyumba uja, wokwera mitengo ya kokonati uja, unkawaona makutu ake?"

Anatseka kopelo, anadzuka pang'onopang'ono atagwira tebulo, anapita kuseri kumene ndimawiritsira madzi, n'kuliponya pamoto.

"Akatswiri ananena zoona," anatero pobwerera pampando. "Ukawalembere adokotala kuti ndavomereza. Ndipo undithirire tiyi wina, wa shuga wambiri."